Logulidwa Pomalizira, Losiyidwa Poyamba: Msika wa Maboti Achisangalalo

Kwa munthu wa ku Nkhotakota, ku Makanjira kapena ku Nkhata Bay, boti ndi khasu. Limapita kukasaka usipa usiku, limanyamula matumba a chimanga ndi odwala, limalipirira ana sukulu. Likabowoka, banja lonse tulo timasowa. N'chifukwa chake ambiri a ife timadabwa tikamva kuti kunja kuno kuli mafakitale olemba anthu masauzande amene amapanga maboti osakoka khoka, osanyamula katundu, osabweretsera mwini wake ngakhale tambala imodzi. Ntchito ya maboti amenewa ndi yakuti munthu akapume pamadzi, akawedze nsomba za mbedza pongosangalala, kapena akayende ndi mphepo pamodzi ndi ana ake.

Wina akhoza kunena kuti imeneyi ndi nkhani ya okhuta. Koma kuseri kwa boti lililonse lonyezimira kuli kalipentala, wowotcherera zitsulo, wosoka matanga ndi wolumikiza mawaya, ndipo mphika wa kunyumba kwawo umadalira mtima wa wogula amene sadzamuona n'komwe. Mtima umenewo sukhalira kusintha. Boti lachisangalalo munthu amaligula atamaliza zonse, nyumba ilipo, galimoto ilipo, ana ali pasukulu. Zinthu zikangoyamba kuthina, ndi lomwelo limene amayamba kulisiya. Amene wamvetsa mfundo imeneyi wamvetsa chifukwa chimene malonda a maboti amakwerera mofulumira kuposa chuma cha dziko, n'kugwanso mozama kuposa chumacho.

Ogula ndi ndani, ndipo opanga ali kuti?

Tikamva za boti lachisangalalo, m'maganizo mumabwera chiboti choyera mbee cha mpondamatiki, chokhala ndi dziwe losambiramo pamwamba. Zoterezi zilipo, koma n'zowerengeka. Msika waukulu padziko lonse uli ku United States, kumene maboti olembetsedwa ku boma alipo pafupifupi 12 miliyoni. Bungwe la opanga maboti kumeneko, la NMMA, limanena kuti pa maboti 100 alionse, 95 ndi osapitirira mamita 8. Ndi maboti oti munthu amawakoka ndi galimoto pa kangolo, n'kukawatsitsira m'nyanja Loweruka m'mawa, madzulo n'kubwerera nawo kunyumba. Eni ake ambiri ndi anthu olandira malipiro a pamwezi, ndipo ochuluka amagula pangongole.

Ku America kumeneko amakonda maboti a aluminiyamu owedzera nsomba, maboti athabwa lalikulu lokhazikidwa pa migolo iwiri kapena itatu yachitsulo amene amapangidwa kwambiri ku Indiana, ndiponso maboti okoka anthu ochita masewera apamadzi, monga a Malibu ndi MasterCraft a ku Tennessee. Kampani yaikulu kuposa zonse ndi Brunswick, mwini wa maina monga Boston Whaler, Sea Ray ndi Bayliner, komanso wa injini za Mercury.

Ku Ulaya ntchitoyi inagawanika motsatira luso la dziko lililonse. France ndi kwawo kwa maboti oyenda ndi matanga. Poland imapanga maboti ang'onoang'ono a injini ambirimbiri, ndipo pafupifupi onse amagulitsidwa kunja. Britain ili ndi Sunseeker ku Poole ndi Princess ku Plymouth, opanga maboti a injini odula. Italy, Netherlands ndi Germany ndi kumene kumachokera zimaboti za anthu olemera kwambiri. Malamulo a European Union amati boti lachisangalalo ndi lotalika kuyambira mamita 2.5 mpaka 24, ndipo lopitirira pamenepo limawerengedwa m'gulu lina.

Ogula ndi ogulitsa amakumana pa zionetsero zikuluzikulu: ku Düsseldorf mu Januwale, ku Miami mu Febuluwale, ku Cannes, ku Genoa ndi ku Monaco cha mu Seputembala. Zimene zachitika pa masiku ochepa amenewa ndi zimene zimauza fakitale ngati chaka chamawa ilembe anthu ena kapena ichepetse.

Kuchoka ku thabwa kupita ku chikombole

Mpaka cha m'ma 1950, boti linali la matabwa. Kampani ya Chris-Craft ya ku Michigan ndi ya Riva ya ku Sarnico ku Italy zinatchuka ndi maboti a mitengo ya mtundu wa mbawa, opalidwa ndi kupakidwa vanishi mpaka munthu kudziona nkhope. Anali okongola, koma ankafuna mmisiri wodziwa ndi miyezi yambiri, ndipo mwini wake ankayenera kuwapala ndi kuwamata chaka ndi chaka.

Chimene chinasintha zonse ndi faiba, ulusi wagalasi wosakaniza ndi utomoni wopangidwa kuchokera ku mafuta. Mu 1959 kampani ya Pearson inaonetsa ku New York boti la matanga la faiba lotchedwa Triton, ndipo anthu analilandira ndi manja awiri. Patangopita zaka zochepa, mafakitale ambiri anasiya matabwa. Ku France, banja la Bénéteau linali likukhoma maboti a asodzi ku Croix-de-Vie kuyambira 1884. Mu 1964 mdzukulu wa woyambitsa, Annette Roux, anatenga utsogoleri pamodzi ndi mchimwene wake André, ndipo anatembenuzira kampaniyo ku maboti a faiba achisangalalo. Mu 1995 inatenganso kampani ya Jeanneau, ndipo lero ili m'gulu la opanga maboti aakulu kwambiri padziko.

Amene anaumbapo njerwa sangavutike kumvetsa kapangidwe kake, chifukwa zonse zimayambira pa chikombole. Chikombole cha boti ndi chimphika chachikulu chosalala m'kati ngati mbale yadothi. Amisiri amayamba achipaka phula kuti boti lisadzamatirire. Kenaka amapoperamo utoto wokhuthala wonyezimira, umene udzakhale khungu lakunja. Ndiye kuti boti la faiba limamangidwa kuyambira kunja kulowa m'kati: chimene wogula adzayambe kuchiona ndi chimene mmisiri amayamba kuchiika. Utotowo ukagwira, amayala nsalu ya ulusi wagalasi, n'kuinyowetsa ndi utomoni, n'kumaipsinja ndi kachitsulo kogudubuza kuti mpweya wonse utuluke. Kathovu kamodzi kotsalira m'kati kadzakhala chilonda cha botilo patapita zaka. Nsalu ina imabwera pamwamba pa inzake, ina pamwamba pa inzake, mpaka khoma litakhuthala mokwanira. Fungo la utomoni limalasa m'mphuno, tiulusi timayabwa m'mikono ngati chitedze, ndipo munthu amagwira ntchito atawerama m'mimba mwa chikombole, akuthamangitsana ndi utomoni usanaume.

Mafakitale amakono amayala nsalu zonse zili zouma, n'kuziphimba ndi pulasitiki, n'kupopa mpweya kuti utomoni uzikokedwa wokha kulowa mu ulusi. Njira imeneyi imachepetsa fungo loipa ndipo boti limatuluka lopepuka. Komabe manja a munthu sanachoke. Thupi la boti likatuluka m'chikombole pamatsala kuika matanki, mapaipi, mawaya, makabati, mawindo ndi injini, ndipo zambiri mwa izi zimachitika munthu atagwada m'kakona kopanikiza kumene makina sangafike. Fakitale ya magalimoto imatulutsa mtundu umodzi maulendo masauzande mazanamazana. Ya maboti ikagulitsa mazana angapo a mtundu umodzi imati zayenda.

Faiba inabweretsa zinthu ziwiri zimene zikulamulirabe msika mpaka lero. Choyamba, chikombole n'chodula, ndipo ndalama zake zimalowa boti loyamba lisanagulidwe. Kampani ikapanga zikombole za mtundu watsopano, msika n'kugwa chaka chomwecho, ngongole imatsala pakhosi. Chachiwiri, faiba siwola. Boti lopangidwa mu 1985 likhoza kukhala likuyandamabe bwinobwino. Motero wopanga maboti amapikisana ndi maboti amene iye mwini anapanga kalekale. Ku America, pa boti limodzi latsopano logulidwa, maboti akale atatu kapena anayi amasintha eni.

Injini nayo ili ndi ufumu wakewake. Injini yopachika kumbuyo, imene Ole Evinrude anaitchukitsa cha m'ma 1909, lero ili m'manja mwa makampani ochepa: Mercury, Yamaha, Suzuki, Honda ndi Tohatsu. Pa boti laling'ono, injini imatenga gawo lalikulu la mtengo wonse, ndipo wopanga boti sangachitire mwina koma kugula kwa ochepawa. Injinizi zakhala zikukulirakulira, moti mu 2021 Mercury inatulutsa ya mahosipawa 600. Koma dzina la Evinrude lenilenilo linazima mu 2020, pamene kampani ya BRP ya ku Canada inasiya kupanga injini zake.

Ngongole ili pakati pa fakitale ndi madzi

Mafakitale ambiri sagulitsa boti kwa munthu mwachindunji. Amagulitsa kwa amalonda okhala ndi mabwalo oonetsera maboti, ndipo wamalondayo salipira ndi ndalama za m'thumba mwake. Amakongola ku banki, banki imalipira fakitale, ndipo boti likakhala pabwalo chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku mpaka litagulidwa. Wogula naye nthawi zambiri amakongola, ndipo ngongole ya boti imatha kutenga zaka 10 kapena 15. Choncho chiwongoladzanja chikakwera, chimaluma mbali ziwiri pa nthawi imodzi: wogula amazengereza, wamalonda amaopa kusunga katundu.

Tiyerekeze wamalonda amene amagulitsa maboti 100 pachaka ndipo amasunga 40 pabwalo. Chaka chovuta chafika, ogula atsika kufika pa 80. Iye aona kuti kusunga 40 n'kudzipweteka, afuna atsale ndi 25 okha. Ndiye ku fakitale sakaitanitsa 80, akaitanitsa 65, chifukwa 15 enawo achotsa pa amene ali nawo kale. Ogula achepa ndi 20, koma ntchito ku fakitale yachepa ndi 35. Zinthu zikayambanso kuyenda, zimachitika mobwerera: wamalonda amaitanitsa ogulitsa ndi odzazira bwalo pamodzi, fakitale n'kuona ngati kumwamba kwatseguka. Kafunde kakang'ono kwa wogula kamafika ku fakitale katasanduka namondwe, ndipo woyamba kunyowa ndi mmisiri uja wa m'chikombole.

Maulendo atatu amene msika unaphunzitsa anthu

Ulendo woyamba unali wa msonkho. Mu 1990 nyumba ya malamulo ya United States inakhazikitsa msonkho wa zinthu zamanyado, ndipo unayamba kugwira ntchito mu Januwale 1991. Pa boti, boma linkatenga 10 peresenti ya ndalama zopitirira madola 100,000. Cholinga chinali chakuti olemera athandize kutseka dzenje la m'thumba la boma. Koma olemerawo anangoleka kugula maboti atsopano, ena anagula akale, pa nthawi imene chuma chinali chitafooka kale. Kampani ya Viking Yachts ya ku New Jersey, imene inali ndi antchito oposa 1,000, inatsala ndi osakwana 100. Msonkhowo unachotsedwa pa maboti mu 1993. Mkwapulo umene analozetsa kwa bwana unakagwera wantchito, chifukwa bwana akhoza kudikira zaka zitatu osagula boti, pamene wantchito sangadikire mwezi umodzi osalandira.

Ulendo wachiwiri unali wa 2008 ndi 2009, pamene mabanki a ku America anagwedezeka. Mitengo ya nyumba inagwa, ndipo anthu amene ankadziona ngati opeza bwino anadzuka ali ndi ngongole zoposa katundu wawo. Ena mwa mabungwe okongoza amalonda a maboti anatseka khomo. Pofika 2010, maboti atsopano a injini ogulidwa ku America anali atatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi 2006. Kampani ya Genmar, imene inali yachiwiri kukula m'dzikomo, inakapempha chitetezo cha khoti mu Juni 2009 chifukwa cholephera kubweza ngongole, ndipo maina ake anagulitsidwa mmodzimmodzi. Ku Ulaya mabala anachedwa kupola: Fairline ya ku Britain inagwa mu 2015, ndipo mu 2018 Bavaria ya ku Germany ndi Oyster ya ku Britain zinafunika eni atsopano kuti zipitirire.

Ulendo wachitatu unadabwitsa aliyense. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, mafakitale anatseka ndipo ambiri ankayembekeza maliro a ntchitoyi. M'malo mwake anthu amene sankatha kukwera ndege kapena kupita kumalo odzaza anthu anaona kuti pamadzi ndi pamene banja lingapume popanda kukhudzana ndi ena. Chiwongoladzanja chinali pansi kwambiri. Chaka chimenecho ku America kunagulidwa maboti atsopano a injini oposa 310,000, chiwerengero chimene chinali chisanaonekenso kwa zaka 13. Mabwalo a amalonda anatsala mbee. Injini, utomoni ndi zipangizo zamagetsi zinasowa, ogula ankadikira miyezi yambiri, mitengo inakwera, ndipo mafakitale anawonjezera antchito ndi nyumba.

Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa. Kuyambira mu Malichi 2022 banki yaikulu ya ku America inayamba kukweza chiwongoladzanja, kuchoka pafupi ndi ziro kufika pa 5.25 mpaka 5.5 peresenti mu Julaye 2023. Maboti amene mafakitale anathamangira kupanga anafika pabwalo ogula atabwerera m'mbuyo. Ena mwa amene anagula pa nthawi ya mliri anazindikira kuti boti limadya ngakhale lili chiimire: malo oimikapo, inshulansi, mafuta, kukonzetsa. Anayamba kugulitsa, ndipo maboti akale koma ooneka atsopano anadzaza msika. Mu 2024 malonda a maboti a Bénéteau anatsika kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo makampani a ku America anachepetsa kupanga mwadala kuti amalonda awo ayambe apungula katundu. Amene anavutika kwambiri ndi opanga maboti ang'ono ndi apakati, chifukwa ogula awo ndi aja odalira ngongole.

Pamwamba pali mphepo ina

Msika wa zimaboti zopitirira mamita 24 umayenda mosiyana. Wogula wake sadikira banki, ndipo boti limatenga zaka ziwiri, zitatu kapena kuposa kuti lithe, motero fakitale imadziwiratu ntchito ya zaka zakutsogolo. Italy ndiyo imatsogola, ndipo pafupifupi theka la zimaboti zimene zimakhala zikumangidwa padziko zimakhala za kumeneko, m'manja mwa Azimut-Benetti, Sanlorenzo ndi Ferretti. Zikuluzikulu zenizeni zimachokera kumpoto. Azzam, imene Lürssen ya ku Germany inamaliza mu 2013, ndi yotalika mamita 180. Sitima yathu ya Ilala ndi ya mamita 52, kutanthauza kuti Ilala zitatu zitandandalikidwa sizingafike kumapeto kwake.

Ngakhale kumeneku mtendere si wa nthawi zonse. Ferretti inalemedwa ndi ngongole pambuyo pa 2008, ndipo mu 2012 inagulidwa ndi Weichai ya ku China. Sunseeker inagulidwa ndi Wanda, ya ku China komweko, mu 2013. Mu 2022, Russia italowa mu Ukraine, mayiko a azungu anaika zilango pa anthu olemera a ku Russia, amene anali m'gulu la ogula akuluakulu, ndipo zimaboti monga Dilbar ku Hamburg ndi Amadea ku Fiji zinagwidwa. Ndale zimafikanso pa maboti wamba. Mu 2018 America itaika msonkho pa zitsulo ndi aluminiyamu zochokera kunja, European Union inabwezera poika msonkho wa 25 peresenti pa maboti a ku America, ndipo opanga maboti amene sanayambitse mkanganowo anataya ogula kwa zaka zitatu.

Cape Town, kutali ndi ogula koma pakati pa msika

Kwa ife a kum'mwera kwa Africa, nkhani imeneyi ili pafupi kuposa mmene timaganizira. South Africa imatchulidwa kuti ndi yachiwiri kwa France pa kupanga maboti a katamarani, aja a matupi awiri olumikizidwa ndi nyumba pakati. Maboti amenewa sapendekeka kwambiri pa mafunde, ali ndi zipinda zotakasuka, ndipo amafika pamadzi osaya, n'chifukwa chake makampani obwereketsa maboti kwa alendo amawakonda.

Kampani ya Robertson and Caine, imene John Robertson ndi Jerry Caine anayambitsa ku Cape Town mu 1991, imapanga maboti otchedwa Leopard, ndipo ambiri amapita ku makampani obwereketsa a The Moorings ndi Sunsail. Kwa zaka zambiri maboti atsopanowa ankapita okha kwa eni ake, amalinyero atawayendetsa kuwoloka nyanja ya Atlantic mpaka ku Caribbean, ulendo wa masabata angapo umene unali umboni wa kulimba kwawo. Mu mzinda womwewo muli Southern Wind, yopanga maboti a matanga akuluakulu, ndipo ku Knysna ndi ku St Francis Bay kulinso mafakitale ena.

Chimene chinakweza Cape Town si kuchuluka kwa ogula a m'dzikomo, pakuti maboti ambiri amagulitsidwa kunja. Ndi luso la manja, mwambo wakale woyenda panyanja yaukali, ndi malipiro owerengedwa m'marandi pamene malonda ali m'madola. Koma mphamvu yomweyo ndiyo chiopsezo. Injini, utomoni ndi zipangizo zambiri zimaitanitsidwa kunja. Wogula wamkulu ndi America, ndipo mu 2025 boma la kumeneko litalengeza msonkho wa 30 peresenti pa katundu wa ku South Africa, opanga maboti anali m'gulu la oyamba kuda nkhawa. Ngakhale nyengo ya kutsidya la nyanja imawakhudza: mu Seputembala 2017 mphepo yamkuntho ya Irma inaphwanya maboti obwereketsa mazanamazana ku British Virgin Islands, ndipo tsoka la kumeneko linasanduka ntchito yambiri kwa opanga maboti olowa m'malo.

Mafunso amene ali kutsogolo

Funso loyamba ndi la manda a maboti. Amene anapangidwa m'ma 1970 ndi 1980 akukalamba, koma faiba siwola ndipo n'kovuta kuisungunula kuti ipangidwenso chinthu china. Ambiri amangosiyidwa m'madoko ndi m'mitsinje. France inayamba njira yake mu 2019: opanga maboti amasonkha ndalama ku bungwe la APER, limene limaphwasula maboti otha ntchito mwini wake osalipira kuphwasulako.

Lachiwiri ndi la mafuta. Madzi amakaniza kuposa msewu, motero boti lothamanga limafuna mphamvu zambiri, ndipo mabatire olipatsa mphamvu zimenezo ndi olemera. Injini zamagetsi zikuyenda bwino pa maboti ang'ono ndi pa nyanja zabata. Mercury inatulutsa zake zotchedwa Avator mu 2023, ndipo Yamaha inagula Torqeedo ya ku Germany mu 2024. Kampani ya Candela ya ku Sweden inasankha kunyamula boti lonse pamwamba pa madzi ndi mapiko okhala pansi pake kuti lisamakanizidwe.

Lachitatu ndi la ogula amawa. Mitengo yakwera, malo oimika maboti ndi ochepa, ndipo achinyamata ambiri akulimbana kaye ndi lendi. Poona zimenezi, Brunswick inagula Freedom Boat Club mu 2019, kalabu imene munthu amalipira pamwezi n'kumatenga boti tsiku limene akufuna. Ngati njira imeneyi ikula, fakitale izigulitsa kwa makampani ochepa ogula maboti ambiri, osati kwa mabanja ambiri ogula limodzilimodzi, ndipo boti lizipangidwa moganizira kulimba kuposa kunyezimira.

Pagombe lathu

Pa Nyanja ya Malawi maboti achisangalalo alipo, ngakhale ndi ochepa: otengera alendo ku zilumba za ku Cape Maclear kukaona mbuna, a malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Senga Bay, ndi timaboti ta matanga timene timachita mpikisano wa masiku angapo m'nyengo ya mwera. Ku Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, kuli maboti okhala ngati nyumba amene mabanja amachita hayala. Pafupifupi chilichonse chofunika pa maboti amenewa, kuyambira injini mpaka utomoni, chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwini loji ndi msodzi analira limodzi, chifukwa injini ya Yamaha imene imatengera alendo ku chilumba ndi yomweyo imene imayendetsa boti la chilimira.

Pamenepa ndi pamene ndikuona phunziro loyenera kulisunga. Makampani anasinthana eni, maina ena anazima, misonkho inabwera n'kupita, koma paliponse pamene ntchitoyi inadzukanso, inadzuka chifukwa amisiri analipo. Ndipo luso la boti silisankha mwini. Amene amadziwa kumata faiba popanda thovu, kukhoma thabwa kuti lisalowe madzi, kapena kumva vuto la injini ndi khutu, angathe kutumikira mlendo wofuna kupuma, msodzi, achipatala owoloka ndi odwala, ndi apolisi apamadzi. Ku Mpwepwe ku Mangochi maboti a matabwa akhala akukhomedwa kwa zaka zambiri, ndipo ku Monkey Bay kuli doko lokonzera sitima kumene Ilala inalumikizidwa isanayambe kuyenda mu 1951. Maziko alipo.

Wachinyamata wa m'mbali mwa nyanja amene akulota zopanga maboti a alendo asalekerere malotowo, koma aime ndi miyendo iwiri, monga mmene banja la Bénéteau linakhomera maboti a asodzi kwa zaka 80 lisanapange lachisangalalo. Mlendo amabwera chaka chimene thumba lake lili bwino, ndipo chaka choipa amakhala kwawo. Msodzi, kaya chiwongoladzanja chakwera ku Washington kaya chatsika, dzuwa likapendeka amakankhira boti lake m'madzi, ndipo likadontha amafuna munthu wodziwa kulimata usiku usanagwe.